Chitini Chonenepa

Mpaka lero sindidya nsomba ya m'chitini. Anthu pa Songani amandiseka, amati mkulu uja anazidya ku Joni mpaka zinamukola. Ndimangowasiya. Ine wobadwira m'matemba, wokulira mlamba wogonera masiku atatu padzuwa la ku Chilwa, nsomba ingandikole? Chifukwa chake ndi china, ndipo dzina lake ndi Eliyasi, mlamu wanga, mlongo wake wa Dolika amene anali mkazi wanga. Akali moyo. Amakhala pa benchi ya kutsogolo m'tchalitchi, ndipo tikakumana pamaliro iye n'kuyambitsa nyimbo, malovu amandiwawa m'kamwa.

Tinachoka limodzi njala yaikulu ija itangotha. Ine ndinali mkamwini m'mudzi wa kwawo kwa Dolika, kwa Kuntumanji, kumene minda ya mpunga imathera m'mabango. Mwana wathu Esitere anali atangoyamba kukwawa. Ndimakumbukira kuti tsiku lonyamuka anandigwira chala chachikulu cha kuphazi n'kufuna kuchiika m'kamwa, amake n'kumukoka. Ndiye kumuona kwanga komaliza kumeneko.

Eliyasi ndiye anali mwini mbumba, ndiye anati tipite. Anali ataponda m'kalasi zaka zitatu, choncho ankalemba, ankawerenga, ndipo Chizungu ankachithyola mokwanira kupusitsa ife. Ine cholembera sindichidziwa, changa ndi chala ndi inki. Sitinalembetse kwa olemba anthu a kumigodi, tinapita pa selefu, wapansi, kugona m'matchire, kulima m'mapulazi a ku Halale kuti tipeze poyambira. Ku Joni tinakhalako pang'ono. Kenako tinamva kuti kugombe la nyanja yamchere, kupitirira Kepi, akufuna anthu odziwa nsomba. Eliyasi anandimenya paphewa nati ntchito yatipeza.

Dziko lake loipa. Mchenga wokhawokha, mtengo osauona, mphepo yozizira yolowa mpaka m'mafupa, ndipo m'mawa nkhungu imaphimba chilichonse. Madzi ochuluka chotero koma osamweka. Tinkagona m'komponi, anthu khumi ndi awiri chipinda chimodzi, pa mabedi a simenti. Fungo la fakitale linkatitsata kulikonse, m'bulangete, m'tsitsi, ngakhale m'tiyi. Mabwato akafika wezulo ankalira, ndipo ngakhale uli pakati pa kudya unkasiya.

Ine anandiika pa tebulo losankhira. Ntchito imeneyo ndinkaidziwa kuposa amene anandilemba. Nsomba uyang'ane diso, usindikize mimba ndi chala, basi wadziwa ngati yafa lero kapena dzana. Zofewa ndinkaziponya kumbali, koma kapitawo wathu akadutsa ankazibweza ndi nsapato kuti zilowe m'zitini. Anali mzungu wofiira khosi, ndipo tinamutcha Msomali chifukwa m'thumba la malaya ake simunkasowa msomali wautali wonoledwa.

Msomaliwo unali ndi ntchito yake. Zitini zina zikakhala m'nyumba yosungira, kapena zikabwezedwa kuchokera m'masitolo, zinkatupa. Chivindikiro chinkatukuka ngati mimba ya mwana wa njoka zam'mimba. Lamulo la dzikolo linkati chitini chotupa chitayidwe, pakuti zam'kati zaola ndipo zimapha. Koma kuseri kwa fakitale kunali shedi ya malata yopanda zenera. M'menemo Msomali ankaboola chitini chilichonse m'mbali, mpweya n'kutuluka kuti fyuu, fungo lake loti ntchentche n'kubwerera. Pabowopo ankadonthezapo mtovu, chitini n'kuchiviika m'madzi otentha, kenako n'kuchikulunga pepala latsopano lofiira, la chithunzi cha nsomba yonona. Dontho la mtovu linkabisala pansi pa pepala. Komanso nsomba zaminga zotchipa, zimene kumeneko amati masibanka, ankazimata pepala la nsomba zabwino. Wogula ankagula chithunzi.

Ntchito ya m'shediyo inkafuna munthu wodziwa kuwerenga mapepala ndi kutseka pakamwa. Eliyasi anaipeza mwezi usanathe. Anamupatsa ovolosi yoyera, majombo ndi kiyi wa shedi, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankayenda ngati wameza mtengo. Manja ake anali aluso, zimenezo sindingamunamizire. Dontho lake la mtovu linkakhala losalala, lokhala ndi kamchira kakang'ono kumene ankachotsera chitsulo, ndipo ankanyadira kuti la Msomali silingafanane nalo.

Zina mwa zitini zimenezi ankatigawira ife Loweruka, amvekere ndi mphatso ya kampani. M'chipinda mwathu munali Jemusi wa ku Mulanje, munthu wanthabwala, amene ankandimeta tsitsi ndi lumo lake osandilipiritsa. Tsiku lina anatsegula chitini n'kudya chozizira ndi buledi, chifukwa analibe nthawi yokoleza moto. M'mawa mwake anati akuona anthu awiriawiri. Tinaseka. Pofika masana zikope zake zinali zitagwa, ankachita kuzikweza ndi chala kuti atione. Madzi sankatha kumeza, ankangotuluka m'mbali mwa kamwa. Thupi silinatenthe ngakhale pang'ono, nzeru zinali zonse, koma mawu anatha. Tsiku lachitatu anasiya kupuma. Msomali anati ndi kachasu wa m'komponi, ndipo tinamukwirira mumchenga umene mphepo inayamba kuufukula tisanachoke n'komwe.

Ine ndinadziwa chimene chinapha Jemusi, ndipo ndinamuuza Eliyasi. Anandiyankha kuti ndine wa kumudzi, moto umapha chilichonse, ndipo kwathu timadya zonunkha kuposa pamenepo. Koma ndinaona kuti iye mwini zitini za Loweruka sankazikhudza.

Zaka zinapita. Ndinkatumiza zimene ndikanatha, ndipo makalata onse ankandilembera ndi Eliyasi, a kumudzi akabwera ankandiwerengera ndi iye yemweyo. Ndi m'makalatamo mmene ndinamuonera Esitere akukula: wayamba kuyenda, wayamba kulankhula, akuthamangitsa mbalame m'munda wa mpunga ndi kachitini ka miyala, akufunsa ngati bambo ake ali ndi ndevu.

Mwambo wathu unali woti wina akamabwerera kumudzi, aliyense amupatsire kamtolo. Chaka chimenecho ankapita anali a Mulepa, mkulu wa pa chilumba cha Chisi amene chifuwa chinawalepheretsa ntchito. Ine ndinawapatsira nsalu ya Dolika, bulangete la apongozi ndi kadiresi kachikasu ka Esitere, kamene ndinayeza pa mwana wa munthu wina. Eliyasi anawapatsira bokosi lokhomedwa misomali. Sindinafunse. Mkamwini safunsa za m'bokosi la mwini mbumba.

Panapita sabata. Lamlungu masana tikuchapa pa mpopi, ndinamumva akudzitama kwa anzake kuti mbumba yake chaka chino idya ngati azungu, watumiza zitini makumi awiri za pepala lofiira. Ndinasiya malaya m'madzi. Ndinamutengera pambali n'kumufunsa kuti zitinizo anazitenga kuti, ngakhale yankho ndinkalidziwa. Za m'sitolo zinkafuna ndalama, za m'shedi zinali zaulere, ndipo pepala lake linali lomwelo.

"Alamu, mwatumiza zimene zinapha Jemusi. M'nyumba imeneyo muli amayi anu, mlongo wanu ndi mwana wanga."

"Ndinasankha ndekha zabwinobwino," anatero. "Musandiphunzitse ntchito yanga."

Ndinamuuza kuti tilembe kalata tsiku lomwelo. Kalata ya pa positi inkafika msanga kuposa munthu wodwala woyenda ndi katundu, moti mpata unalipo. Anakana, nati ndikufuna kumuchititsa manyazi kwa anthu ake. Ndinati akapanda kulemba ndikapempha wina, komponi yonse imve. Pamenepo anatenga pepala. Ndinanena mawu anga pang'onopang'ono: zitini zimene akubweretsa a Mulepa musatsegule ngakhale chimodzi, zikwirireni m'dzenje lakuya, makamaka zotupa, muli imfa. Iye ankalemba, cholembera chikuyenda. Atamaliza anandiwerengera, ndipo mawu anga onse ndinawamva akutuluka m'kamwa mwake, mpaka liwu lakuti imfa. Ndinadinda chala, ndinamata ndekha, ndinakaponya ndekha.

M'njira yopita ku positi ndinadutsana ndi anthu awiri odziwa kuwerenga. Maganizo anandibwerera oti ndionetse mmodzi. Koma kupereka kalata ya mlamu wako kwa mlendo kuti aione ngati sananame, kwathu ndi chipongwe choti ankhoswe angakhalire pansi. Ndinasunga ulemu. Ulemu umenewo ndimautemberera mpaka lero.

Patapita miyezi itatu kunabwera kalata yolembedwa ndi a Filipo, aphunzitsi a pa tchalitchi cha kwathu, amene ankalembera anthu a m'mudzi. Eliyasi anayamba kuwerenga bwinobwino, moni, mvula, mpunga. Kenako anayamba kuwerenga pang'onopang'ono. Esitere anamwalira. Anadwala masiku atatu, thupi silinatenthe, koma zikope zinagwa, madzi ankalephera kumeza, ndipo ankayang'ana amake osatha kuwaitana. Eliyasi anaima pamenepo. Sitinayang'anane, pakuti tonse awiri tinali titamuona Jemusi.

Ndinamufunsa kamodzi kokha ngati analembadi zimene ndinamuuza. Anati analemba, koma akazi samva. Ndinamukhulupirira, ndipo kwa masiku angapo mkwiyo wanga unapita kwa Dolika. Zimenezonso ndimamuwerengera Eliyasi.

Ku fakitale kunkabwera mzungu wa boma woyendera zakudya, wowonda, wa magalasi, ndi womasulira wake. Ankayenda ndi kachitsulo kogogodera zitini, n'kumamvetsera kulira kwake ngati munthu wogula mbiya. Msomali ankadziwiratu tsiku lake. Shedi inkatsekedwa, kutsogolo kwake n'kuunjikako migolo ndi maukonde akale, ndipo woyenderayo ankagogoda zitini zabwino, kumwa tiyi, n'kumapita. Ulendo wotsatira imfa ya Esitere ndinali nditabisa chitini chimodzi cha Loweruka m'malaya. Atafika pafupi ndi tebulo langa ndinapukuta manja, ndinatuluka pamzere anthu onse akuona, ndinamuika chitinicho m'manja. Ndinang'amba pepala ndi chikhadabo n'kumuonetsa dontho la mtovu.

Msomali anayamba kukuwa kuti ndine wamisala, koma wa magalasiyo sanamuyang'ane. Anapala mtovuwo ndi kampeni mpaka bowo linaoneka, ananunkhiza, nkhope n'kusintha. Anafunsa kudzera mwa womasulira ngati zilipo zina. Ndinamutsogolera kuseri, ndinagubuduza migolo ndekha. Kiyi anali m'thumba la Eliyasi, ndipo wa magalasiyo anachita kumulamula kawiri kuti atsegule. M'katimo munali zitini mpaka kudenga, zina zoboola kale, zina zodikira, mitolo ya mapepala ofiira, ndi chitsulo chomatira chikali chofunda. Dzuwa lisanapendeke apolisi anali atafika, chitseko anachimanga waya ndi chidindo cha boma.

Musaganize kuti ndinapeza chilungamo. Ku khoti ndinaima m'kabokosi, ndinalumbira, ndinanena zonse. Woweruza ankafunitsitsa kudziwa za mapepala: pepala linkati nsomba yanji, m'kati munali yanji, zinapita m'masitolo ati a m'tauni. Nditatchula Jemusi anati palibe dokotala amene anamuyeza. Nditatchula Esitere, womasulira anandinong'oneza kuti za ku Nyasalande sizili m'mlandu uno, ndiyankhe zimene ndafunsidwa. Msomali anabwera atavala suti, nati iye shediyo ankangosungiramo zotaya, sankadziwa kuti wantchito wake akuzimata n'kumagulitsa mwakuba. Kiyi anali ndi yani? Chitsulo chinali m'manja mwa yani? Eni fakitale anawalipiritsa chindapusa chimene anapereka asanavale n'zipewa zomwe. Msomali anamusamutsira ku fakitale ina kumtunda kwa gombe. Eliyasi anamupatsa zaka ziwiri. Zitini zonse anazithira m'dzenje, anathiramo laimu, thirakitala n'kukwirira, ndipo dzenje limenelo linali lakuya kuposa manda a Jemusi.

Fakitale inatsekedwa milungu ingapo, anthu osalandira kanthu. Anzanga omwe ndinkadya nawo mbale imodzi anandipeza pa mpopi masanasana n'kundimenya ndi ndowa. Ankati ndagulitsa mlamu wanga, ndawaphera ntchito. Dzino ili lakusowali linatsala kumeneko. Pasi yanga yogwirira ntchito anaidinda kuti sindikufunikanso, ndipo anandikweza sitima.

Mbiri inafika kumudzi ine ndisanafike. Nditatsika pa Songani ndinayenda ndekha ulendo wonse wotsikira kunyanja, ndipo polowa m'mudzi panalibe nthungululu, panalibe wondilandira katundu. Apongozi kundipewa ndi mwambo, koma ulendo uno analavula pansi asanalowe m'nyumba. Dolika anandipatsa madzi atagwada monga kale, koma maso ali kumbali. Anali atawonda kwambiri. Anandiperekeza kumanda n'kundionetsa kamulu kakang'ono, ndipo anati kadiresi kachikasu kaja anamuveka komweko.

Nditalowa m'nyumba ya moto ndinayang'ana m'mwamba. Pa nsanja ya pamwamba pa moto, pamene timasungira matemba ouma ndi chimanga cha mbewu, panali zitini zija, zitandandalikidwa bwinobwino, zakuda ndi mwaye. Kwathu nsomba imasungidwa pa utsi, ndiye anachita zimene aliyense wa ku Chilwa akanachita. Kutentha kwa tsiku ndi tsiku kunali kutazitupitsa pafupifupi zonse. Dolika anati amayi ake analamula kuti zotsalazo zisakhudzidwe, zidikire phwando la tsiku lodzabwera Eliyasi.

Ndinafunsa za kalata yanga ija. Anaitulutsa m'buku la nyimbo mmene ankasungira makalata onse, ndipo ndinaizindikira ndi chala changa, chimene tsiku limenelo ndinadinda mopendama. Ndinapita nayo kwa a Filipo n'kuwapempha kuti andiwerengere liwu ndi liwu, osadumpha. Anavala magalasi nawerenga. Moni kwa onse. Ife kuno tili bwino. A Mulepa akubweretsa nsomba za azungu zimene alamu anga a Eliyasi akutumizirani mwa chifundo chawo. Muzidya inu eni ake, musagawire anthu wamba. Ndatha ine mwamuna wako.

Ndinawauza kuti abwerezenso. Anabwereza. Ndinafunsa ngati palibe mawu ena kuseri. Anatembenuza pepala n'kundionetsa kuyera kwake.

Sindikudziwa mmene ndinayendera pobwerera. Ndinali wokondwa, ndikuuzeni zoona, kukondwa koipa kwa munthu amene wapeza mkondo. Ndinkati ndiitana mudzi wonse, a Filipo awerenge pabwalo, nditsitse chitini chimodzi ndichiboole pamaso pa apongozi, anunkhize mphatso ya mwana wawo. Amene ankanditcha wogulitsa mlamu akanadziwa kuti ndani anagulitsa mnzake.

Dolika ndinamupeza kuseri kwa nyumba akupeta mpunga. Pambali pake panali chitini chopanda kanthu, chopanda pepala, chimene ankasungiramo mchere. Ndinachitola. M'mbali mwake munali dontho la mtovu, losalala, la kamchira. Ndisanatsegule pakamwa iye anayamba kulankhula, maso ali pa lichero. Kanali koyamba kundiuza za mwanayo ndi pakamwa pake.

Anati Esitere anadwala chikuku, n'kuchira, koma chakudya ankakana, anatsala mafupa okhaokha. Anamuyesa phala la mpunga, anamuyesa nsomba zaziwisi za makumba, osatheka. Ndiye anakumbukira zitini. Anakwera pa mtondo n'kuyamba kuzisankha chimodzichimodzi, monga timasankhira nsomba padoko.

"Ndinatenga chonenepa kuposa zonse, bambo a Esitere. Chinali chodzaza mpaka chivindikiro kutukuka. Ndinati ichi ndiye cha mwana wanga."

Anati potsegula chinapuma, ndipo fungo linali lamphamvu, koma anaganiza kuti ndi mmene zimanunkhira nsomba za m'nyanja yamchere. Ankafuna kuziphika, koma a Mulepa anali atanena kuti za m'chitini n'zophikaphika, azungu amadya choncho, kuziphikanso n'kuziononga. Mwanayo anadya. Kanali koyamba m'milungu itatu kudya mpaka kunyambita zala, ndipo anaseka. Dolika sanalaweko ngakhale pang'ono, kuti zonse zikhale za mwana.

"Matenda aja atabwera mawa lake, anthu anati ndi tsempho, bambo ake asokoneza kumene aliko. Ine sindidziwa. Koma chimene chimandigoneka tulo n'chimodzi. Mwana wanga sanapite ndi njala. Anadya chabwino, ndipo ndinamudyetsa ndi dzanja langali."

Anakweza dzanjalo pang'ono n'kulibwezera pa lichero. Ine ndinaima ndi kalata m'thumba, chitini m'manja. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo tsiku limenelo ndinamuona khosweyo atakhala bwinobwino. Kuti ndimuphe Eliyasi pabwalo, ndinayenera kunena chimene chimatupitsa chitini, Dolika ali pomwepo akumva. Ndinangoti munachita bwino, mayi a Esitere.

M'mawa mwake, iye atapita kumunda, ndinatsitsa zitini zonse n'kuziika m'thumba. Ndinabwereka bwato, ndinapondera ndi nsungwi kudutsa m'mabango mpaka pamene Chisi chimaoneka bwino, ndipo chimodzichimodzi ndinazikankhira pansi m'matope ndi nsungwi yomweyo, mwakuya moti khoka silingazikokolole. Pobwerera ndinapeza mudzi wonse uli padoko. Apongozi ankalira ngati pagwa maliro, amvekere wamumangitsa mwana wanga, lero wataya ndi chakudya chake chomwe.

Ankhoswe anakhala pansi sabata yomweyo. Anandifunsa chifukwa chimene ndinaperekera mlamu wanga kwa azungu. Ndinati ndimadana naye. Anafunsa chifukwa chimene ndinatayira zitini. Ndinati sindifuna kuona kanthu kake m'nyumba mwanga. Wina anandikumbutsa kuti mkamwini alibe nyumba. Kenako anafunsa za tsempho, ngati ndinali ndi mkazi kumene ndinali. Zaka zonsezo ndinali ndisanakhudze mkazi, Mulungu ndi mboni. Koma mwana safa popanda chifukwa, ndipo ndikanakana, anthu akanayamba kufunafuna chifukwa china. Ndinayang'ana pansi osayankha, iwo n'kutenga kukhala chete kwangako ngati kuvomera.

Dolika sanakuwe. Anangoti, "Ndiye munamupha ndinu," n'kudzuka kukanditengera mphasa ndi khasu langa. Pochoka ndinalowa m'nyumba ya moto, ndinakhuthulira mchere wake m'chipande, chitini chija n'kuchiika m'thumba pamodzi ndi kalata. Ndinabwerera kwa amayi anga, mudzi wachitatu kuchokera pamenepo, ndipo ndi kumene ndakalambira.

Eliyasi anabwera zaka zake zitatha. Anamuphera mbuzi, anamuimbira ngati Yosefe wogulitsidwa ndi abale ake. Tinakumana koyamba padoko, anthu akugula matemba. Anandiyandikira, anayang'ana uku ndi uku, nalankhula motsitsa.

"Ndamva kuti simunamuuze. Mwachita bwino, alamu. Zikanamupha."

Anali kumwetulira. Ankadziwa kuti pakamwa panga anapamata iye, bwino kuposa chitini chilichonse cha m'shedi muja. Nsungwi yopondera inali m'manja mwanga, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene chinandigwira mkono.

Dolika anakwatiwanso, anabereka ana ena anayi. Tikakumana panjira ankapatuka n'kuyang'ana kutchire. Zaka zonsezi wandida ndi mtima wake wonse, ndipo ine ndinamusiya andide, pakuti chidani munthu amakhala nacho n'kumadya, kumagona, kumalera ana. Chinacho sakanakhala nacho.

Dolika tinamuika m'manda mwezi watha. Ndinaima kumbuyo, kutali ndi abale, ndipo nyimbo ya kumanda anayambitsa ndi Eliyasi, mawu ake akali okoma ngati kale. Dolika wapita akudziwa kuti anapatsa mwana wake chitini chabwino koposa zonse, ndipo palibenso amene angamulande zimenezo.

Mkhate wapita tsopano. Dzulo ndinatsitsa chitini chija kudenga n'kuchipukuta ndi phulusa. Dzimbiri ladya pansi pake, koma mtovu suchita dzimbiri, kamchira kaja kakuoneka ngati kadonthezedwa lero. Kalata nayo ilipo, chala changa chopendama chikali pomwepo. Ndapempha kale akulu a mpingo wa kwawo kuti Lamlungu, mapemphero akatha, andipatse mpata ndilankhule. Anandifunsa ngati ndikufuna kulapa za mwana uja. Ndinati inde, ndi za mwana uja, ndipo a Eliyasi asachoke pa benchi yawo ya kutsogolo, chifukwa pali kalata yoti atiwerengere.